Glory ndi Msonkho wa Shopu ya Bambo Ake

Ku Yeoville, pa nyumba ina yosanja ya mumsewu wotsikira kumsika, banja la a Abednego Kachingwe linkachita lendi zipinda ziwiri. Zinali zipinda zothina, komabe munthu aliyense wakumudzi amene wasowa pogona tsiku lake loyamba ku Joni ankalozeredwa kumeneko. M'mawa uliwonse, asanakakwere takisi ya ku Randburg, a Abednego ankagwira dzanja la akazi awo a Mariya ndi la mwana wawo mmodzi yekhayo, Glory, n'kupemphera. Pakhomopo panalibe chuma chodabwitsa, koma panalibenso chobisirana.

A Abednego anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, n'kuyamba ndi ntchito yosamalira maluwa m'mipanda ya anthu olemera. Kenako anaphunzira kusoka. Patapita zaka makumi awiri anali ndi shopu yawoyawo ku Randburg: makina asanu, antchito atatu, ndi ntchito yosoka makatani ndi kukuta masofa a m'malo ogona alendo. Eni malo oterowo safuna kugula kwa munthu wopanda nambala ya VAT, choncho shopuyo inalembetsedwa ku SARS, ofesi yotolera misonkho m'dzikolo. Pa mtengo wa katani iliyonse ankawonjezerapo marandi khumi ndi asanu pa handiredi, ndipo miyezi iwiri ikatha ankatumiza ndalamazo ku boma.

Wolemba zonsezo anali Glory. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, masana ankakhala pa shopu, madzulo ku koleji komwe ankaphunzira za akaunti. Matenda a shuga atayamba kudya maso a bambo ake, iye ndiye anakhala maso awo. Ankawawerengera makalata, ankatsegula banki pa foni, ankawaikira chala pamalo osainira.

Tsiku lina singano inaboola chala cha a Abednego kachitatu pa sabata imodzi. Anaika nsalu pansi, kenako anati, "Basi. Joni yandikwana. Ndikufuna ndikaione nyumba yanga ku Ntcheu maso asanatsekeretu."

Wogula anapezeka msanga. Anali che Kamal a ku Mangochi, amene anali ndi sitolo ya nsalu ku Fordsburg, mnzawo wa a Abednego wa zaka zambiri. Anabwera Loweruka masana, anamwa tiyi, ndipo mtengo unagwirizanidwa tiyi asanazizire: R400,000, makina, antchito, makasitomala, zonse.

"Adadi, ndilankhuleko," anatero Glory. "Pali lamulo lotithandiza. Bizinesi ikagulitsidwa yathunthu, ikuyenda, ndipo wogula ndi wogulitsa onse ali ndi nambala ya VAT, msonkho umakhala ziro. Koma pamafunika kulemba pangano, nonse musaine kuti shopu ikupita ili yamoyo ndipo msonkho ndi ziro. Popanda pepalalo, che Kamal awonjezera R60,000, ife tikaipereke ku SARS."

Che Kamal anaseka mpaka kuwomba bondo. "Achimwene, mwana wanuyu ndi loya! Ine ndi inu tilemberane? Amene ndinakugonekani pa katoni ku Mayfair mulibe ngakhale bulangeti?"

"Mwamvatu," anatero a Abednego. "Pepala ndi la anthu osakhulupirirana. Ife timagwirana chanza."

"Nanga R60,000 ija ndidzaitaya, mwana wanga?" anafunsa che Kamal.

"Ayi. Tikupatsani inivoisi yosonyeza msonkho, akauntanti wanu adzaiitanitsa ku SARS. Idzabwerera."

"Ndiye vuto lili pati? Ikazungulire, idzandipeza."

Anagwirana chanza. Lolemba lake mu akaunti ya a Abednego munalowa R460,000.

Kunena zoona, akuluakuluwo analakwitsa pamenepo. Mwana anawauza njira yowongoka, iwo anaiyesa chipongwe pa ubwenzi wawo. Akanalemba tsamba limodzi lokha, ndalama ya boma sikanagona m'manja mwa munthu aliyense. Koma kulakwitsa kwa kholo sikusandutsa kuba kwa mwana kukhala chilungamo, ndipo nkhani ino ndi ya zimene Glory anachita ndi manja ake.

Madzulo a tsikulo a Abednego anayala mapulani awo. Yakuti ya malata ndi simenti, yakuti ya chigayo, yakuti ya thiransipoti ya katundu, yakuti yosungira mankhwala.

"Ndipo R60,000 ija si yathu," anatero. "Usaigoneke. Ikangokwana nthawi, itumize."

Glory anadikira kuti amve dzina lake. Silinatchulidwe.

"Nanga ine, adadi?"

"Iwe bwanji? Ukupita nafe. Ukayang'anira chigayo."

"Chigayo? Ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndimalize koleji! Zaka zisanu ndi chimodzi ndagwira pa shopu ija osalandira ngakhale randi imodzi."

"Mwana salipidwa pakhomo pa bambo ake. Unkadya chiyani? Fizi ankalipira ndani?"

A Mariya anayesa kulowererapo. "Bambo a Glory, mwanayu akunenanso zomveka."

"Ndanena ndanena."

Dandaulo la Glory linali loona. Ku Ntcheu anapitako kawiri kokha moyo wake wonse, ndipo anzake akumeneko ankamuseka kalankhulidwe. Akanapita nalo kwa abusa, kapena kwa che Kamal amene bambo ake ankawamvera, mwina likanamveka. Koma iye anapita nalo kwa Davide.

Davide anali mnyamata wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, wa nsapato zosongoka ndi mafoni awiri. Ankadziwika kuti "amakonza mapepala". Anakumana pa malo ena odyera ku Braamfontein, ndipo Davide anamvetsera nkhani yonse akupukusa mutu mwachisoni.

"Eish, sisi, akudyera masuku pamutu. Koma Mulungu si Davide, wakuikira kale malipiro ako mu akaunti. Sikisite sauzande. Sukuiona?"

"Imeneyo ndi ya SARS."

"Imakhala ya SARS chifukwa palibe pangano lolemba. Nanga pangano litapezeka?"

Glory anaika foloko pansi. "Sanasaine."

"Mdala wako amasaina paliponse pamene waika chala. Siginecha ya che Kamal undisiyire ine, ingondipezera risiti imodzi yakale imene anasaina. Pa fomu ulemba ziro. Pangano uliika m'fayilo. Finishi."

"Koma che Kamal ali ndi inivoisi ya msonkho. Adzaitanitsa ndalama yawo."

"Aitanitse! Adzalandira. Mdala wako sataya kanthu, che Kamal sataya kanthu. Ukubera ndani? Boma la eni ake, lomwe limatinyoza ife obwera kuti makwerekwere? Mapepala amene amalowa kumeneko tsiku limodzi angadzaze sitediyamu. Ndani angakhale pansi kufananiza la telala wa ku Randburg ndi la wogulitsa nsalu wa ku Fordsburg? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, sisi. Ine ungondipatsa twente."

Glory anali atakhoza bwino phunziro la misonkho. Ankadziwa kuti zimene wamva ndi chinyengo, dzina lake lenileni. Koma mawu akuti "ukubera ndani" anamutsatira mpaka m'takisi.

Lachinayi anabweretsa pepala kunyumba.

"Ndi chiyaninso ichi?" anafunsa bambo ake, akulisendeza pafupi ndi mphuno.

"Za kutseka shopu, adadi. Sainani apa."

Anawagwira dzanja, n'kuika nsonga ya cholembera pamzere. Anasaina osafunsanso. Tsiku lotumiza fomu litakwana, Glory analemba ziro pamene panayenera kukhala R60,000. Ndalamayo anaisamutsira ku akaunti yake, n'kutumiza R20,000 kwa Davide.

"Watumiza za boma zija?" anafunsa a Abednego.

"Ndatumiza, adadi."

"Mwana wabwino. Tsopano ndigona tulo."

Ndalama yakuba siikhala pansi. Glory analipira dipoziti ya kachipinda ku Randburg, kuti makolo akamanyamuka iye adzangoti ndatsala. Anagula foni yatsopano. Anayamba kupita ndi Davide ku malo a nyama yowotcha Lamlungu masana, nthawi ya mapemphero a achinyamata, ndipo kumeneko anaphunzira kumwa zotsekemera zija zimene amati si mowa. Davide anabwereka faivi sauzande, kenako teni, akuti pali dilu ya magalimoto ku Durban. Pasanathe miyezi iwiri, mu akaunti munatsala R1,300.

A Mariya anaona foniyo. Anadikira kuti amuna awo atuluke.

"Glory, foni iyi yagulidwa ndi chiyani?"

"Ndi ya mnzanga, amama."

"Mnzako amene amakupatsanso fungo limene ukubwera nalo Lamlungu? Ndinakubereka ine. Ukanama khutu lako lamanzere limafiira ngati la mwana wa mzungu. Tamvera, bambo ako anakulakwira, ndipo ndawauza. Koma ngati wagwira chinthu cha eni, bweza lero dzuwa lisanalowe. Ndipita nawe ine, kulikonse kumene kukufunika kupita."

"Amama, mumangondiganizira zoipa."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga."

Glory anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Ankadziwa kuchokera ku koleji kuti munthu akadziulula yekha a msonkho asanayambe kumufufuza, chilango chimachepa kwambiri. Khomo limenelo linali lotsegula tsiku limenelo. Analidutsa.

Katundu anali atapakidwa kale. Thiraki ya a thiransipota inanyamula masofa, firiji ndi makina amodzi akale a kunyumba kupita ku Ntcheu. Matikiti a basi anagulidwa a pa 14. Ndiye pa 2 kunabwera uthenga wa SARS: tikuunika fomu yanu, tumizani umboni wa malonda a ziro. Glory anathamangira kwa Davide.

"Relax, sisi. Ndi kompyuta imeneyo. Tumiza pangano lija, igona."

Anatumiza. Sanauze munthu.

Pa 10, Loweruka m'mawa, kunamveka kugogoda. Anali che Kamal, atavala mkanjo woyera, nkhope ili gwa. Tiyi anamukana. Anakhala pa katoni, popeza mipando inali itapita, n'kutulutsa mapepala awiri m'chikwama.

"Achimwene, ndalama yanga ija a SARS aikaniza. Akauntanti wanga anaitanidwa. Akuti ine ndikuitanitsa msonkho umene sindinalipire, chifukwa ndinasaina pangano lakuti msonkho ndi ziro." Anaika mapepalawo pansi, limodzi pambali pa linzake. "Ili ndi inivoisi imene munandipatsa. Ili ndi pangano. Pali dzina langa. Pali siginecha yonga yanga. Wallahi, dzanja langa silinakhudzepo pepala ili."

"Pangano lanji?" anatero a Abednego. "Ife sitinalembe kanthu. Tinagwirana chanza."

"Ndi zimene ndinawauza. Anandionetsa siginecha yanu."

A Abednego anatola pepalalo. Analisendeza kumaso, analitalikitsa, analitembenuzira kuwindo. Sanaone kanthu koma mizere yotuwa. Ndiye anachita zimene ankachita masiku onse. Analitambasulira kwa mwana wawo.

"Glory, tandiwerengera."

Glory analandira. Atangoona mutu wa pepalalo, analizindikira.

"Werenga, mwana wanga. Tione amene watichita zimenezi."

"Pangano... la kugulitsa bizinesi... pakati pa Abednego Kachingwe..." Analekera pomwepo.

A Mariya anagwira pakamwa. "Mayo ine! Glory!"

"Chiyani?" anafunsa a Abednego, akutembenukira uku ndi uku. "Mayi a Glory, chachitika n'chiyani? Bwanji nonse mwangoti zii?"

Kenako nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene waponda msomali koma ululu ukufika mochedwa.

"Lachinayi lija," anatero motsitsa. "Unandigwira dzanja."

Glory anagwada. Bambo ake sanakalipe. Anangotambasula dzanja lawo lamanja n'kumaliyang'ana, dzanja limene sankatha kuliona bwino.

Che Kamal anaimirira. "Achimwene, zaka zonsezi sindinalowepo mu ofesi ya boma ndi mlandu. Dzana ndinakhala maola atatu ndikufunsidwa ngati mbava. Ndinali nditabwera kudzakutukwanani. Tsopano sindikudziwa kuti nditukwane ndani."

Zotsatira zinabwera mothamanga. Kalata inati msonkho wa R60,000 ulipidwe, pamodzi ndi chindapusa cha kuzemba dala, choposa msonkho weniweniwo, ndi chiwongoladzanja pamwamba. Zonse zinapitirira R150,000, ndipo banki inalamulidwa kuzichotsa mu akaunti. Koma choopsa kwambiri chinali mzere womaliza: nkhani ya pangano labodza yaperekedwa kwa ofufuza milandu, ndipo mwini nambala ya VAT, Abednego Kachingwe, akaonekere Lachitatu la sabata yotsatira. Basi ya pa 14 inanyamuka mipando yawo ili yopanda anthu.

Glory anaimbira Davide kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anayankha.

"Tamvera, sisi, usapupulume. Nambala ndi ya mdala. Siginecha ndi ya mdala. Iwe dzina lako lili pati? Palibe. Ndi wokalamba, ndi wakhungu, amumvera chisoni. Akangomupatsa chilango choimika, basi. Koma iwe ukayasamula, koleji yatha, pemiti yatha, moyo watha. Ndipo ine sundidziwa, wamva? Sitinaonanepo."

"Davide, ndi bambo anga."

"Ndiye? Anakulipira?"

Foni inadulidwa. Atayesanso, nambalayo inali itatsekedwa.

Choopsa n'chakuti Davide sananame pa zonse. Dzina la Glory silinali pa pepala lililonse. Ndipo Lachiwiri masana bambo ake anamuitana n'kunena zomwezo ndi pakamwa pawo.

"Mawa ukhale pakhomo. Ndikanena kuti ndinasaina ndine, ndipo ndi zoona, ndinasaina. Ine moyo wanga wapita kale. Iwe uli ndi sukulu."

"Bambo a Glory, mukanamenso pamwamba pa bodza?" anatero a Mariya akulira.

"Nanga ndipereke mwana wanga?"

Glory anawayang'ana. Munthu amene anakana kumupatsa randi imodzi anali wokonzeka kumupatsa dzina lake lonse, kuti akaime m'khoti la dziko la eni ngati wakuba, ndi ndodo yake yoyera m'manja. Apa m'pamene anaona kukula kwa chimene anaba. Sichinali R60,000.

Lachitatu m'mawa anavala diresi yake ya kutchalitchi, natenga foni ija momwe munali mauthenga onse a Davide. Anakwera takisi limodzi ndi bambo ake, akuwatsogolera pa masitepe monga mwa masiku onse. Atalowa m'chipinda cha wofufuza, mayi wa magalasi amene anali ndi fayilo patsogolo, a Abednego anatsegula pakamwa. Glory anawapitirira.

"Mayi, bambo angawa saona. Pepalalo ndinawasainitsa ndine, ndinawauza kuti ndi la kutseka shopu. Siginecha ya che Kamal ndi yopeka. Fomu ndinadzaza ndine. Ndalama ndinadya ndine. Umboni uli mufoni umu."

"Glory, khala chete!"

"Ayi, adadi. Ndakhala chete miyezi itatu."

Mayi uja anavula magalasi, n'kuwaika pa fayilo. "Ukudziwa tanthauzo la zimene ukunenazi? Uli ndi ufulu wopeza loya usanapitirize."

"Ndikudziwa. Ndinaphunzira. Ndinakhoza ndi distinkishoni."

Mlandu unatenga miyezi isanu. A Abednego anachotsedwa pa mlandu wa chinyengo, koma msonkho ndi chindapusa sizinabwerere, pakuti nambala inali yawo. Che Kamal analandira ndalama yawo patapita nthawi, ndipo anabwera kukhoti tsiku la chigamulo, ngakhale sanalankhule ndi Glory. Davide sanapezeke, ena amati ali ku Cape Town, akuimba kwaya ina. Glory anapezeka wolakwa pa chinyengo. Poti unali mlandu woyamba ndipo anavomera yekha, anapatsidwa zaka zitatu zoimika ndi maola ambiri a ntchito yothandiza anthu. Kundende sanalowe, koma dzina lake linalowa m'kaundula wa opalamula, ndipo palibe kampani imene ingapatse mabuku ake a ndalama kwa munthu wa mbiri yotero. Chaka chomaliza cha koleji chinakhala chopanda ntchito.

Lendi ya miyezi isanu, loya ndi mankhwala zinadya zambiri mwa zotsala. Chigayo chinafera m'maloto. Pamene a Abednego ndi a Mariya ankakwera basi ku Park Station, maso a bambowo anali atatsekeratu. Glory anayenera kutsala kuti amalize chilango chake. Anakweza bambo ake masitepe a basi, n'kuwakhazika pampando wa pawindo mwachizolowezi, kenako anakumbukira kuti windo silidzawathandiza kanthu.

"Adadi, mundikhululukire."

"Ndinakukhululukira tsiku lomwe unalankhula mu ofesi muja. Nanenso undikhululukire. Wantchito ayenera malipiro ake, ngakhale ali mwana wako. Ndinazidziwa mochedwa." Anafufuza nkhope yake ndi zala. "Amayi ako akuti nyumba ija ili ndi khonde lalikulu. Ndikafika ndikaliyendera ndi manja."

Dalaivala analiza hutala. Glory anatsika.

Inu achinyamata amene makolo anakupatsani mapasiwedi awo chifukwa munapita kusukulu, imvani. Msonkho umene wogula waika m'manja mwanu si wanu ngakhale tsiku limodzi. Mwangotumidwa kuti mukaupereke. Pepala limene wogula watenga ndi pepala limene inu mwatumiza amakakumana, ngakhale papite miyezi. Ngati akuluakulu akulakwirani, nenani poyera, mubwerezenso, muitane mboni, koma musadzilipire nokha mumdima. Ndipo inu makolo, lembani mapangano anu, mulipire ana amene akukugwirirani ntchito. Amene adzakuuzani kuti pa kuba uku palibe amene akuberedwa, mufunseni kuti dzina lili pa pepalalo ndi la yani. Glory anabera boma marandi, boma linatenganso ndalama zake ndi chiwongoladzanja. Koma miyezi isanu yomaliza ya maso a bambo ake inathera m'makonde a khoti ku Joni, ndipo imeneyo palibe ofesi imene ingaibweze.